Nyumba Yosagonamo Munthu

"Zipinda ziwiri basi! Sindinapemphe galimoto, sindinapemphe ng'ombe. Zipinda ziwiri za kumbuyo, zokhala ndi chitseko chakechake. Ndi zimene anandilonjeza achimwene anga, koma mpaka lero chimene ndalandira ndi mano awo akamandisekerera."

Amake mapasa ankalankhula uku akumasula nsanza zimene amakulunga m'zala akamaphwanya miyala. Fumbi linali litawayeretsa nsidze ngati nkhalamba. Amuna awo, amene aliyense ankangowaitana kuti a Mmisiri chifukwa cha ntchito yawo yomanga nyumba, anali atakhala pa ndowa pakhomo, akupala simenti youma pa mpeni womangira.

"Tsitsani mawu, amake mapasa. Khomali ndi la njerwa imodzi, anzathu akumva."

"Amve! Nawonso akuthamangitsidwa ngati ife. Alandilodi agulitsa mdadada wonsewu, mwezi ukatha akubwera kudzasasula malata. Mukufuna ndinong'one kuopa ndani, makoswe?"

"Alamu anati tidikire pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhonoyo imadekha chifukwa nyumba yake ili pamsana. Ine pamsana panga pali ana awiri. Musandiuze za nkhono."

A Mmisiri anapitiriza kupala mpeni umene unali utayera kale.

"Malo aja ndi a bambo anga," anatero amake mapasa, ataima pakati pa chipinda. "Anatisiyira awiri. Anabwera achimwene atamanga tayi, akuti chemwali, a kukhonsolo akukhululukira msonkho aliyense womanga nyumba yatsopano, koma akufuna dzina limodzi. Dinda chala apa, nyumba ikatha zipinda za kumbuyo ndi zako. Ndinadinda. Miyala ya m'maziko anaphwanya ndani?"

"Inu."

"Njerwa anayala ndani?"

"Ine."

"Anakulipirani?"

"Zapachibale sitiwerengera."

"Ehe. Nyumba inatha mvula yapitayi isanayambe. Malata alipo, magalasi alipo, penti akuwala ngati mano a mkwatibwi. Mukugona ndani?"

"Simugona munthu."

"Ndiye ife mwezi wamawa tikugona kuti?"

A Mmisiri anayang'ana kudenga, ngati yankho lalembedwa pa malata. Mapasa, kamnyamata ndi kamtsikana, anali pamphasa pakona akunamizira kugona. Amayi awo anawaona maso akuphethira, ndipo anangoti, "Gonani zenizeni, inu. Denga likadalipo."

Sabata yotsatira amake mapasa anasiya nyundo nayamba kuyenda kufuna nyumba. Anayenda mpaka masilipasi anaduka, nawamanga ndi waya. Msewu umene anakuliramo sanauzindikirenso. Pamene panali midadada ya lendi, ya makonde odzaza ana ndi zidebe, tsopano panali nyumba zatsopano zokhazokha, zofanana ngati mazira. Mazenera opanda makatani. Zingwe zoyanikapo zovala palibe. Pageti lililonse panalendewera loko wamkulu, ndipo udzu unali utamera mpaka pa masitepe. Ngakhale galu wouwa munalibe.

Kumapeto kwa msewu anapeza mayi wina wamasiye, wamagalasi ochindikala, amene anali akadali ndi zipinda zakale. Anawaonetsa kachipinda kamodzi koyandikana ndi chimbudzi, natchula mtengo. Amake mapasa anaseka mpaka kutsokomola.

"Amayi, ine ndafunsa chipinda, sindinafunse malo onse. Muno munthu akagona miyendo ikutulukira pakhomo. Dulani pakati, tigwirane dzanja."

"Sindidula."

"Chotsaniko pang'ono ndiye. Ndizikusesererani pabwalo, ndizikuchapirani. Amuna anga ndi mmisiri, mng'alu uwo akumatirani ulere."

"Mwana wanga, amene wakweza lendi si ine," anatero mayi wamasiye uja, akuvula magalasi. "A nyumba zatsopano anawakhululukira msonkho. Ndiye ndalama za ngalande ndi zinyalala a kukhonsolo azitenga kuti? Kwa ife a nyumba zakale. Msonkho wanga wakwera kawiri. Adobadoba ogulitsa nyumba za eni aja sakundipatsa mpata, m'mawa uliwonse ali pakhomo, gulitsani agogo, gulitsani. Anzanga onse anagulitsa. Uli ndi ana angati?"

"Awiri. Ang'onoang'ono, sadya malo."

"Ana amadzaza chimbudzi. Pali anthu atatu akuchifuna chipindachi, opanda ana, ndipo sakunenerera."

"Apatseni. Akagone choimirira."

Anatuluka mwaukali, koma atafika pamsewu anaima. Imeneyo inali nyumba yotsika mtengo kuposa zonse zimene anaziona, ndipo kuti aikwanitse anafunika kuphwanya phiri lathunthu mwezi uliwonse.

Lamlungu anapita kwa achimwene awo. Sanapite kumene amakhala, poti kumeneko alamu awo aakazi amangoti atuluka. Anapita ku nyumba yatsopano ija, chifukwa ankadziwa kuti tsiku limenelo mwini wake amabwera kudzatsekula mazenera kuti mupite mphepo. Anthu ankamutcha a Tayi bamboyo, poti ngakhale pokagula makala ankamanga tayi. Anawapeza akupukuta galasi ndi kansalu.

"Chemwali! Bwanji osaimba foni? Ana ali bwanji?"

"Ana ali panja mwezi ukatha. Ndabwera kudzatenga makiyi a zipinda zanga."

"Vula kaye masilipasiwo, simentiyi ndapolisha. Ndipo usatsamire khoma."

Amake mapasa analowa ndi masilipasi omwewo. Anadutsa pabalaza, nafika kumbuyo. Zipinda ziwiri zija zinalipo, ndi chitseko chake chotulukira kuseri, monga momwe anagwirizanirana. Munkanunkhira penti. Pakona kangaude anali atamanga kale yake nyumba.

"Onani, achimwene. Kangaude mwamulola. Ine mlongo wanu ayi?"

A Tayi anaseka. "Pakamwa pako sipanasinthe. Khala pansi ndikufotokozere, poti zinthu izi n'zovuta kwa munthu amene sanapite patali ndi sukulu."

"Sukulu ndinasiya kuti inu mupite. Fotokozani."

"Lamulo likuti nyumba yatsopano sikhoma msonkho zaka zisanu. Koma zakazo siziyamba pamene nyumba yatha. Zimayamba tsiku limene munthu wagonamo koyamba. Wamva? Woyendera nyumba wa kukhonsolo amazungulira. Akaona utsi, akaona zovala pachingwe, akaona zogonera m'kati, basi, zaka zayamba kutha. Tsono wogula amafuna nyumba imene zaka zake zonse zisanu zili zamphumphu. Yogonamo kale mtengo umagwa."

"Ndiye munamanga nyumba kuti musagone munthu?"

"Ndinamanga kuti ndigulitse. Mwezi uliwonse mtengo ukukwera. Nyumbayi ikundigwirira ntchito ili chikhalire, sidya, sidwala. Onse mumsewu muno akuchita chimodzimodzi. Ndikhale wopusa ndekha?"

"A kukhonsolo anati akufuna anthu apeze pokhala. Ndinamva ndi makutu anga pa wailesi."

"Anati anthu amange. Tamanga."

Kunenerera ndiyo inali ntchito ya amake mapasa. Madalaivala a malole ogula miyala ankawadziwa kuti mayi uyu sagonja. Anayamba monga amayambira pamsika.

"Chabwino. Ziwiri zakukanikani. Ndipatseni chimodzi, chinacho ndakukhululukirani."

"Chimodzi kapena khumi, kugona ndi kugona."

"Kachipinda kosungiramo katundu kaja, ka kukhitchini. Kalibe zenera, woyendera wanuyo saona kanthu. Tizilowa kukada, tizituluka kusanache. Moto ndizikolezera kutali, kuseri kwa mpanda."

"Ana amalira, chemwali. Ana amalemba pakhoma ndi makala. Anthu oyandikana nafe ali ndi maso, ndipo wansanje sasowa."

"Oyandikana nawo ati? Msewu wonsewu muli maloko okhaokha!"

"Sunga khosi, mkanda uoneka. Ndikagulitsa sindikuiwala."

"Mkandawo ndidzauvala m'manda? Ine sindikufuna kukumbukiridwa, ndikufuna denga. Malo ano mchombo wanga uli pompano. Pamene mwaika bafa lanulo ndi pamene amayi ankaphikira."

A Tayi anayang'ana wotchi, nayamba kutseka mazenera limodzilimodzi. "Chibale ndi fupa, sichiwola. Usachiwoletse ndi phokoso. Tiye tituluke, ndikufuna kukhoma."

Atafika kunyumba, a Mmisiri anawayang'ana kumaso. Amake mapasa ndi amene anayamba.

"Inu, nyumba zonse zija mwakhala mukumanga mumsewu uja, mumadziwa kuti simudzagona anthu?"

"Ine amandiuza kuti yala njerwa, ndimayala."

"Mwamanga nyumba zingati ndi manja amenewo?"

"Sindinawerenge."

"Nanga yathu ili kuti?"

"Nanga miyala yanu imapita kuti, amake mapasa? Si m'maziko a nyumba zomwezo?"

Aka kanali koyamba a Mmisiri kubweza mawu. Amake mapasa anayang'ana zala zawo zong'ambikang'ambika. Zinali zoona. Iwo ankaphwanya, amuna awo ankayala, ndipo nyumba iliyonse imene inkatha inkakankhira lendi yawo m'mwamba. Anali ngati munthu wosema mpini woti amukwapulire.

Mwezi unatha ngati wathamangitsidwa. Oyandikana nawo anachoka mmodzimmodzi, ena kwa abale, ena kutali kunja kwa tauni kumene basi imafika kamodzi patsiku. A Mmisiri anayesa kwa anzawo a ntchito, koma aliyense anali wopanikizika. Tsiku lomaliza anyamata a mwini watsopano anafika m'mawa ndi makwerero. Sanagogode. Amake mapasa anangomva khwee! khwee! misomali ikuzulidwa, kenako kuwala kunagwera pamphasa pamene ana ankamwera tiyi.

"Inu apamwamba! Simukuona kuti muli anthu muno?"

"Tatumidwa, mayi. Bwana akufuna pofika mawa pakhale poyera. Akumanga zatsopano."

"Zogonamo ndani?"

Mnyamatayo anangokweza mapewa, nazula lata lina. Kudzera pa bowolo amake mapasa anaona mitambo yakuda ikusonkhana.

"Bambo a mapasa, kabwerekeni ngolo."

"Tikupita kuti?"

"Kwathu."

Katundu wawo yense anakwana pa ngolo imodzi yokankha: matiresi, mphasa, mbaula, mapoto, ndowa ya zida za a Mmisiri, thumba la zovala. Nyundo amake mapasa anainyamula m'manja. Ana anakhala pamwamba pa matiresi, akusangalala ngati akupita ku ulendo.

Geti la nyumba yatsopano analipeza lotsekula. Pakhonde panali a Tayi ndi dobadoba wina wonenepa, wa mafoni awiri, akujambula chitseko. A Tayi ataona ngolo nkhope inagwa.

"Chemwali, ichi n'chiyani?"

"Ndi katundu. Simunaonepo katundu? Tsekulani kumbuyo, mvula ikubwera."

"Amalume! Amalume!" anakuwa ana ali pangolo. A Tayi sanawayang'ane.

"Awa ndani, bwana?" anafunsa dobadoba. "Paja munati nyumbayi ilibe mikangano."

"Ndi achibale chabe, akudutsa." A Tayi anatsika masitepe, nakokera mlongo wawo pambali. "Ukufuna kundiphera malonda? Wogula wapezeka. Ali kunja kwa dziko, waona zithunzi, wakonda. Sabata yamawa woyendera nyumba abwera kudzatsimikiza kuti simunagonepo munthu, ndiye ndalama zilowa."

"Wogulayo abwera liti kudzakhala?"

Dobadoba anaseka. "Kukhala? Mayi, bwana ameneyo ali nazo zisanu ndi imodzi mumsewu uno womwewu. Sanapondemo ngakhale imodzi. Akudikira mtengo ukwere, agulitsenso."

"Ndiye zipinda zanga mwagulitsa pamodzi?"

"Nyumba sagulitsa mobenthula ngati buledi," anatero a Tayi.

"Theka la malo ano ndi langa."

"Unadinda chala wekha. Palibe anakugwira dzanja."

Dontho loyamba linagwa pa lata la khonde. A Mmisiri anavula chipewa, nayandikira mwaulemu.

"Alamu, ife sitikufuna mkangano. Taganizirani anawa. Ngakhale masiku ochepa, tikupeza pena."

Dobadoba anakanda chibwano. "Komatu bwana, pali njira. Wogula akufuna mlonda, poti akuba akumazula mawaya m'nyumba zopanda anthuzi. Mlonda amagona pakhonde. Lamulo silimuwerenga mlonda ngati munthu wokhala panyumba."

"Silimuwerenga ngati munthu," anabwereza amake mapasa pang'onopang'ono.

"Wokhala panyumba, mayi. Ndatero."

"Mwamva, alamu?" anatero a Tayi, nkhope ikuwala ngati apeza mphatso yoti apereke. "Khonde ndi lalikulu ili, munamanga nokha. Usiku muzikhala pano. Kukacha katundu muzimubisa kuseri kwa mpanda. Ine ndiye ndayesetsa pamenepa."

A Mmisiri anayang'ana pansi. "Ndivomera," anatero ndi mawu ang'ono.

Amake mapasa anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali. Munthu amene anayala njerwa iliyonse ya khoma limenelo, amene anapachika chitseko chimenecho ndi manja ake, anali atapinda chipewa m'manja ngati wopempha. Mvula inayamba kuwaza cham'mbali, kulowa pakhonde mpaka pa chitseko. Kamtsikana kanayamba kutsokomola.

"Chabwino, achimwene," anatero amake mapasa. "Zipinda ziwiri mwakana. Chimodzi mwakana. Kosungira katundu mwakana. Ndatsika mpaka pansi, sindinatsikepo chonchi ndi munthu aliyense. Tsono ndikupempha chinthu chimodzi. Tsekulani ndilowetse matiresi okhawa, asanyowe. Ife tikhala panja. Matiresi okha."

"Matiresi ndi zogonera. Woyendera akasuzumira pazenera n'kuwaona, ndathera pomwepo."

"Mvula ikatha nditulutsa."

"Ayi."

"Achimwene, ndinakuchapirani yunifolomu ine. Ndinagulitsa mandimu pamsewu kuti mulembe mayeso."

"Ndiye ndizilipira mpaka imfa? Tamvera, chemwali, ndikuuze poyera pamaso pa amuna ako, usadzavutikenso kubwera. Zipinda kulibe. Lero kulibe, mawa kulibe. Chimene ndinalankhula nthawi ija ndinalankhula nyumba isanakhale ndi mtengo. Ndilibe nawe ngongole."

Anakoka chitseko, nakhoma loko, naugwedeza kuti atsimikize. Makiyi anaponya m'thumba la jekete. Iwo ndi dobadoba anathamangira m'galimoto atafunda nyuzipepala kumutu, ndipo galimotoyo inatuluka pageti ikuwaza matope pa ngolo.

Mvula inatsika yeniyeni tsopano. A Mmisiri anakokera matiresi pakhonde, koma mphepo inkawatsatira konko. Ana anakanikizana pachitseko. Kamnyamata kanaika nkhope pagalasi, manja m'mbali mwa maso.

"Amayi, m'katimu ndi mouma," kanatero.

Amake mapasa anayang'ana msewu wonse, nyumba zoyera zili ndondondo, madzi akutsika m'malata atsopano, m'kati mouma mopanda ngakhale mphaka. Kenako anayang'ana loko. Pa moyo wawo anali ataphwanya miyala ikuluikulu kuposa mutu wa ng'ombe. Loko ameneyu sankafika ngakhale pa chibakera cha mwana.

"Anawa achotseni pachitsekopo."

"Amake mapasa, mukufuna kutani?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Taganizani kaye! Mukalowa, malonda a alamu afa. Sadzakukhululukirani mpaka kalekale."

"Mwamva okha, alibe nane ngongole. Inenso ndilibe nawo."

"Akaitana apolisi. Adzakutengani, amake mapasa."

"Abwere. Kupolisiko nakonso kuli denga."

Anakulunga nsanza m'zala monga amachitira m'mawa uliwonse, nalavulira m'manja. Nyundo inakwera kamodzi kokha. Phwaa! Loko anagwera pa simenti yopolisha ija, nagubuduka mpaka pa masitepe.

Amake mapasa anakankha chitseko ndi phazi, nalowetsa ana. Anabwerera, nakoka matiresi onyowa kudutsa pabalaza mpaka ku zipinda za kumbuyo, madzi akusiya mzere pansi. A Mmisiri anali akadaima pakhonde, chipewa m'manja.

"Mwaima chiyani ngati mlonda? Lowani. Bweretsani mbaula ndi makala, mukolezere pafupi ndi zenera." Anatsekula zeneralo mpaka kumapeto. "Ndipo muikepo nsanza yonyowa. Ndikufuna utsi woti auone ali kukhonsolo komweko."